Dzina Lomaliza pa Bolodi

Pa 14 Malichi 2023, anthu ovala ngati apolisi anamukweza Sultani Ajasi m'galimoto ku Gugulethu, dera lina la m'mphepete mwa mzinda, ndipo sanabwerenso.

Mchemwali wake Faridah ankasesa payunivesite ina ya mumzinda womwewo, m'kalasi yophunzitsira za chitetezo ndi ufulu wa anthu. Pabolodi pulofesa anali atandandalika mayina a anthu osowetsedwa m'mayiko akutali, n'kulembapo kuti musafufute.

Patapita milungu itatu, Faridah anatola cholembera n'kuwonjezera dzina la achimwene ake pansi penipeni. Ophunzira analikopera m'makope mwawo.

"Bwana, Sultani ameneyu ndi wa dziko liti?" anafunsa mmodzi.

Pulofesa analiyang'anitsitsa dzinalo. "Ndi wakutali ndithu. Za kuno sizili pa silabasi."

Faridah anamva ali chiimire pakhomo, tsache lili m'manja. Dzinalo lidakali pabolodi mpaka lero, koma mwini wake sanapezekebe.