Kabowo Kamene Avelino Anakana

Panali munthu wina ku Tsangano, ku Mozambique, nthawi ya nkhondo ija, dzina lake Avelino. Amene anandiuza nkhaniyi akuti mayi awo anaziona ndi maso.

Avelinoyu anagwirapo ntchito ku Beira, kwa mzungu wina woweta nsomba za m'nyanja yamchere m'thanki lagalasi. Chibwerere kumudzi, nyimbo inali yomweyo. Umufunse za mbatata, akuyankha za ku Beira.

Chaka cha 1986 ana ambiri pachipatala anali otupikana ndi njala. Enferimeira wa pamenepo, ndiye kuti namwino, mayi Doroteia, anaganiza zoweta nsomba kuti anawo azipezako ndiwo. Kukakumba dziwe kudambo kunali kuika moyo pachiswe, ndiye anamangitsa mathanki awiri a simenti kuseri kwa chipatala. Lakumtunda linali la nsomba. Madzi ankasefukira m'lakumunsi, kusefedwa ndi mchenga ndi makala, kenako motobomba, injini yopopa madzi, n'kuwabwezera kumtunda.

Za mapaipi anapatsa Avelino. Iye paipi yobwezera madzi anaidutsitsa pamwamba pa khoma n'kuitsitsa mpaka pansi penipeni pa thanki la nsomba, akuti madzi azilowa mwaulemu ngati ku Beira.

A Cosme, mkulu wina amene ankakonza mipopi ya pachipatalapo, anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mphwanga, injiniyi ikadzazima, paipi yomweyi idzakoka madzi onse kubwerera kumunsi, monga timapopera gazolina m'galimoto. Boola kabowo apa, pafupi ndi pamene madzi alekezera. Mpweya ukalowa, kukoka kumatha."

Avelino anaseka. "A Cosme, inu mwakalambira pa mipopi yodontha. Ku Beira sitinkaboola paipi yabwinobwino."

"Ku Beirako magetsi sankazima. Kuno kuli nkhondo."

"Deixa, zisiyeni madala. Izi n'za ife odziwa."

A Cosme anangonyamula sipanala yawo n'kumapita. Mafuta anali osowa, moti Avelino sanayese n'komwe kuliza injini n'kuizimitsa kuti aone.

Mbewu ya nsombazo, tiana ta makumba mazana atatu, anakatisenza azimayi anayi m'ndowa kuchokera ku Malawi, masiku awiri akuzemba m'tchire. Mmodzi, mayi Olinda, anafika mapazi ali magazi okhaokha. Anathira nsombazo m'mawa, Avelino ali chilili pakhoma kulandira mayamiko.

Masana omwewo mfuti zinalira kuphiri. Lamulo linali lodziwika: zimitsani chilichonse chaphokoso, thawani. Avelino mwini wake anazimitsa motobomba n'kuliyatsa liwiro.

Anabwerako dzuwa litapendeka. Nkhondoyo inali itadutsa patali, palibe anavulala. Koma kuseri kwa chipatala kunali matope okhaokha. Thanki lakumunsi linali litasefukira, lakumtunda lili gwaa. Tinsomba tonse tinali titauma pa simenti ndi dzuwa la Okutobala, akhwangwala akutola.

Abale, manyazi amapha. Avelino anayamba kunena kuti mwina simenti yang'ambika. Mayi Olinda anakhala pansi n'kumayang'ana mapazi awo. Mayi Doroteia anangofunsa kuti, "Ndikawauze chiyani amayi a ana aja?"

Palibe anamutukwana, ndipo bola akanamutukwana. A Cosme anatola msomali pansi, n'kugogoda paipi ija kawiri ndi mwala. Kabowo kanatseguka, koti ngakhale njere ya nyemba singalowe.

"Kanali kameneka basi," anatero.

Njira ya ku Malawi inatsekeka mwezi womwewo, ndipo mbewu ina sinabwerenso. Akuti mpaka imfa yake Avelino ankalambalala chipatala, ndipo dzina la Beira silinatulukenso pakamwa pake.

Phunziro: Pokonza chinthu usamangoganiza mmene chidzayendere, uziganizanso tsiku limene chidzazime. Ndipo wokuchenjeza, ngakhale sanapiteko ku Beira, mumvere. Tumizirani anzanu, makamaka uja amene mwamuganizira powerengamu.