Masaya a Shorai

Ndinamuchenjeza Shorai, mdzukulu wanga. "Mapiritsi a zilonda za m'matumbowo usasiye. Adokotala aku Gweru ananena ndili pomwepo kuti ukangowasiya, m'mimba mudzatsegukanso ndi magazi."

"Gogo, ndikawamwa mutu ukumandiwaza ngati muli nkhwangwa," anatero. "Nanga masayawa mukuwaona mmene atupira? Anthu adzati akulowola chitumbuwa."

"Bola chitumbuwa chamoyo, mwana iwe."

Anaseka, n'kuponya mapiritsiwo pansi pa sutikesi.

Lero ndiye tsiku la malowolo. Akuchimuna akhala pamipando, ife amayi pamkeka. Shorai walowa n'kugwada pakati, masaya ataphwa, wokongola mpaka ine mantha.

"Alendowa ukuwadziwa?" afunsa azakhali ake.

Ndikuona zala za Shorai zikufinya diresi, thukuta lili pamphuno. Ine nkhope imeneyi ndimaidziwa. Ndisanatsegule pakamwa, fungo ladzaza m'nyumba.

Wina watsokomola.

Ndasendera pafupi naye, n'kumukulunga chitenje changa m'chiuno ngati ndikufuna pogwira.

"Pepani akuluakulu, ndine," ndatero, maso ali pansi. "Ukalamba ulibe ulemu. Shorai, tandiperekeza panja, amayi."

Kamnyamata kena kakuchimuna kaseka, anzake akagunda ndi chigongono. Makutu anga akutentha, koma ndingatani?

Tadzuka titagwirana. Pakhomo ndacheuka. Pamkeka, pomwe anagwada Shorai, patsala banga lofiirira, kutali ndi pomwe ndinakhala ine. Amalume a mwamuna wake maso awo ali pomwepo.