Nsanja ya Gilson

"Iyi ndiye nyumba ya Zambia waufulu!" anafuula ba Kabamba, mkulu wa Chipani amene ankaweruza mpikisano wa ophunzira zojambula mapulani a nyumba.

Gilson, mmodzi wa ophunzirawo, anayang'ana kumene ba Kabamba ankaloza. Bwanayo sankaloza kansanja ka matabwa kamene iye anavutika nako miyezi isanu, kumanga n'kuphwasula, akudziona ngati mbuli. Ankaloza mbaula ya amayi a Gilson, imene mnyamatayo anabwera nayo kuchokera kwawo ku Kabwata kuti asungunulire guluu, n'kuisiya chozondoka patebulo.

"Onani mawindo mbwee, mphepo ingena paliponse! Osati mabokosi ya azungu aya," anatero ba Kabamba, akukankha kansanjako ndi chigongono. "Nzelu izi unazitenga kuti, mwana?"

"Ku Chipani, ba Tcheyamani," anayankha Gilson.

Aphunzitsi ake, amene dzulo lake anamuuza kuti adzangokhala kondakitala wa basi, anawomba m'manja kuposa onse.

Gilson anafika kunyumba atanyamula chikho chachikulu chachitsulo chimene anapambana. Amayi ake anachitembenuza uku ndi uku.

"Mbaula yanga ili kuti?"

"Aikhomela mu galasi ku ofesi ya Chipani, amama."

Amayiwo anamupatsa msomali ndi hamala.

"Boola ichi. Tifuna kuphika."