Ozell Sanasisite Nthiti

Mpira wolimba wa masewera a besibolo unamupeza Ozell Pettway m'nthiti, nagwa chogwada m'fumbi lofiira la ku Georgia. Sinali ngozi. Woponyayo, Hoyt, anachita kulunjika munthu wakuda yekhayo amene ankasewera m'timu ya azungu.

Bwalo lonse linafa ndi phwete, kupatula kumpanda wakutali kumene ankaimirira akuda.

"Sisita, mnyamata iwe, tione misozi," anatero wowakha mpira amene ananjuta kumbuyo kwake. "Apo ayi mthamangire Hoyt ndi chibonga chakocho. Ukuopanji?"

N'zimene ankafuna. Ozell akangoponya chibakera, amuchotsa lero lomwe, ndipo khomo litsekekera akuda onse obwera m'mbuyo mwake. Ndiponso pa besibolo wogendedwa sasisita popwetekapo, chifukwa kusisita n'kuuza woponya kuti wakugonjetsa.

Mpweya unkakana kulowa. Kumpanda kuja mayi wina wa mumpingo mwawo anatsogolera nyimbo ya chiukitso ndi mawu onjenjemera, anzake n'kumavomera.

"Ambuye, Inu mukuidziwa mikwingwirima," Ozell ananong'ona. "Ndigwireni manjawa."

Anadzuka. Anagoneka chibonga chomenyera mpiracho pansi ngati akugoneka khanda. Manja ali lende, anayenda mosafulumira kupita poima poyamba pa malo anayi ozungulira kuti munthu agoletse, pamene lamulo limapereka kwa wogendedwa. Phazi lililonse linkabaya m'nthiti ngati mkondo.

Atapondapo anatembenukira kwa Hoyt, nakhudza chipewa mwaulemu.

"Zikomo bwana, pano mwandipatsa ulere," anafuula mpaka kumpanda anamva. "Poima pachiwiripo musavutike, ndikalanda ndekha."