Singano ya M'mawa

Lamulo la kafukufuku wa maso linali lakuti pakhomo pa odwala awiri, wina azibayidwa mankhwala, wina madzi chabe, ndipo asauzidwe. Mapasa a Nagama, Ferista ndi Dorika, onse awiri mitsempha ya m'maso inali kufota.

"Gawani botolo la mankhwalalo, aliyense achire diso limodzi," Nagama anauza namwino. "Mulu wa tomato timagawana, nanga ichi chavuta pati?"

"Amasankha ndi makina, mayi."

"Ndiitanireni makinawo."

Sanawaitane. Choncho m'mawa uliwonse Nagama ankapatsa atsikanawo singano ndi ulusi kuti aone amene akubayidwa madzi, iye ataima potero, manja m'chiuno.

Mwezi wachinayi Dorika anayamba kuphonya bowo. Ferista anamuyang'ana m'bale wakeyo, nayenso n'kuphonya, patali zedi.

"Iwe, bodza sulitha," anatero mayiyo. "Ndakuona ukuyang'ana mnzako. Lowetsa."

Ferista analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, misozi ikutsika.

Nagama anamasula chingwe choyanikira zovala, n'kuchimanga kuchokera pachitseko mpaka kuchimbudzi, cham'munsi, pofika dzanja.

"Dorika, dzuka. Gwira apa, uphunzire njirayi ukadaonako."