Chimera cha M'chitini cha Gerishomo

Panali munthu wina dzina lake Gerishomo, mkamwini m'mudzi wina wa kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu. Akuti zinachitika m'chaka cha 1956. Munthuyu anakhala zaka zinayi ku Halale akuphikira Mzungu, ndipo pobwerera anatenga zitini ziwiri za chimera cha Azungu, chamadzimadzi, chomata ngati uchi. Matama ndiye musanene.

Mkazi wake Alefa anali katswiri wofulula mowa. Mawere ankanyika yekha, kumeretsa yekha, kusinja yekha, ndipo mowa wake unkadziwika mpaka ku Songani. Koma Gerishomo ankati zonsezo n'zachimidzi. Mpunga utacha, anaitana anthu ku dima, kuti adzamudulire mpunga kenako adzamwe. Analengeza mudzi wonse kuti ulendo uno wofulula ndi iye, ndipo anthu adzalawa mowa wa ku Halale.

Anasungunula chimera chija m'madzi otentha, n'kuthira shuga, n'kudzaza mbiya yaikulu. Tsiku loyamba mbiya inangoti zii. Lachiwiri, zii. Chimene sankadziwa mbuli imeneyi n'chakuti Mzungu uja akamafulula mowa ankathiramo kaufa kotupitsa, iye ali kalikiliki kutsuka mbale.

Alefa analawa n'kupeza kuti ukungotsekemera ngati thobwa. Anamuuza mwaulemu kuti athiremo nsenga za mowa wakale, dima alisunthe ndi masiku atatu, mowa uwira bwinobwino. Gerishomo anamumenya khofi mpaka mlomo kung'ambika, akuti mkazi amene sanakwerepo sitima sangamuphunzitse za mowa. Alefa anangotapako pang'ono n'kuika m'kamtsuko, n'kuthiramo nsenga zija, n'kukabisa kuseri kwa mphasa m'nyumba.

Kutatsala tsiku limodzi, Gerishomo anapita ku Kachulu mutu uli gwa. Kumeneko anadandaulira munthu wina wogula matemba, amene ngakhale dzina sankamudziwa. Mlendoyo anaseka, n'kumuuza kuti asinje katupe, masamba aja asodzi amathira m'madzi kuti nsomba ziledzere ziyandame. Anati chipanda chimodzi chokha chigwetsa mwamuna wamphamvu, ndipo anthu adzamutama chaka chonse. Gerishomo sanafunse kanthu. M'mawa mwake, Alefa ali kuchitsime, Gerishomo anasinja katupe mtondo wathunthu n'kufinyira m'mbiya.

Dzuwa lili paliwombo anthu anabwera kuchokera kudimba, thukuta lili kamukamu, ndodo zopunthira mpunga zili m'manja. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Tsono aliyense akudziwa mwambo wake: mowa usanaperekedwe kwa alendo, mayi wa pakhomo ndiye amayamba kumwa pamaso pa onse, kusonyeza kuti mulibe choipa. Gerishomo ankaudziwa mwambowu, koma matama anamuiwalitsa.

Alefa anagwada, n'kutunga chipanda chodzaza. Gerishomo anaona zonse. Anaona mkazi wake akukweza chipanda kukamwa, ndipo mpata wonena mawu amodzi okha unalipo. Anayang'ana anthu aja amene anadzitama pamaso pawo, n'kutseka pakamwa. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa. Alefa anamva kuwawa kwachilendo, koma posafuna kuchititsa manyazi mwamuna wake anagugudiza chonse, n'kumwetulira ndi mlomo wotupa uja.

Akulu atatu analawa pang'ono n'kulavula. Chipanda chisanafike kwa Enoki, mlongo wake wa Alefa, mayiyo anayamba kusanza, kenako anagwa chagada thovu likutuluka kukamwa. Enoki ananunkhiza chipanda. Iye anali msodzi, fungo la katupe sakanalisokoneza ndi china chilichonse.

Anatunga chipanda china n'kupita nacho kwa Gerishomo.

"Alamu, mowa wa ku Halale uwu. Imwani."

"Ndakhuta, alamu."

"Mlongo wanga wamwa inu mukupenya. Imwani."

Gerishomo anayamba kubwerera m'mbuyo, kenako anati liwiro. Sanapite patali. Anthu anamugwetsera m'ngalande, ndipo ndodo zopunthira mpunga zija zinagwira ntchito pathupi pake. Anamuthyola mikono yonse iwiri. Mano anayi anatsala m'matope, diso lakumanzere linaphulika. Enoki anafika ndi mtondo uja, masamba akadali momwemo, n'kumuponyera pachifuwa nthiti mpaka kulira. Akanapanda amayi ena kufuula kuti Alefa akupumabe, afunika omunyamula, akanamumaliza pomwepo.

Anamunyamula Alefa pamachira kuthamangira ku Zomba. Anatsirizikira panjira, dzuwa lisanalowe.

Gerishomo uja anthu anamukokera m'nyumba n'kumusiya pansi, popeza panalibe wofuna kumukhudza. Tsiku loika maliro anali gone yekha, akumva nyimbo zikulowera kumanda. Kunja kutakhala bata, anamva kanthu kakulira kuseri kwa mphasa, kuti thu, thu, thu. Anakwawa ndi mawondo n'kukankha mphasa ndi mutu. Kanali kamtsuko ka Alefa kaja. Chimera cha m'chitini chija chinali chitawira, thovu likusefukira pansi, fungo la mowa weniweni lili guu nyumba yonse. Linali tsiku lachitatu ndendende, monga ananenera mkazi wake.

Atachira anamuthamangitsa pamudzipo, ndipo mpaka imfa yake chipanda ankachita kumwetsedwa ndi ena, chifukwa manja aja sanagwirenso kanthu.

Phunziro: Ukaona ntchito theka, usadzitche mphunzitsi. Mverani amene akuidziwa ntchito ngakhale ndi mkazi wanu amene sanayendepo, ndipo musathire m'chakumwa cha anthu chinthu chimene inuyo simungamwe. Mukalakwa, nenani msanga manyazi asanakuphetseni munthu. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja samva za munthu.