Mphete Yapawindo

"Pita nawo kuchipatala amuna akowo," agogo anachenjeza mdzukulu wawo. "Munthu wamkulu sakulanso zala, iwe. Taona, mphete yawathina, nsapato zawakana. Ine zikundiopsa."

Koma mdzukuluyo ankangoona mphete yaukwati ili pawindo, mwini wake atasendeza khutu kukamwa kwa mayi wa nyumba yoyandikana.

"Ine ndikaitana simuyankha, koma uyo mumachita kumugunditsa tsaya!" anakalipira amuna akewo. Anamanga katundu n'kuchoka.

Atabwerera patatha chaka, madokotala anali atapeza chotupa m'mutu mwa amuna akewo, chokulitsa mafupa n'kutseka makutu.

"Pepani, bambo," ananong'oneza atagwada.

Amunawo sanamve. Anatembenukira kwa mayi uja, yemwe anawagwira phewa n'kufuulira m'khutu: "Akuti pepani!"